Makina Amene Amalume Ankawadzoza

Pamene chaka changa chachiwiri ku koleji ya ntchito za luso chinkatha, anzanga onse a m'kalasi la zamagetsi anali atapeza malo okaphunzirako ntchito m'makampani. Ine ndekha ndinalibe. Lamulo la koleji linali lomveka bwino: amene sanakagwire ntchito yoyeserera, imene ophunzira timaitcha atachimenti, salowa chaka chomaliza, amabwereza. Mpingo umene unkandithandiza pa maphunziro unali utandiuziratu kuti suthandiza wobwereza. Ndinayenda m'maofesi a ku Limbe ndi ku Blantyre mpaka nsapato zinatha zidendene, ndipo kulikonse ankandiyankha mwaulemu kuti malo adzaza. Potsiriza ndinakwera minibasi ya ku Thyolo, ndinatsikira pa mphambano yolowera ku esiteti kumene ndinabadwira, ndi kuyenda pakati pa minda ya tiyi ndikukonza m'mutu mawu okauza amayi.

Amayi amathyola tiyi, ndipo amakhala m'malaini, nyumba za antchito zomangidwa mondondozana kumunsi kwa fakitale. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Sanandidzudzule.

"Mawa ukawaone amalume ako," anatero. "Akhala akukufunsa."

Amalume ndi mlongo wamkulu wa amayi, ndiye mwini mbumba kwathu. Ndiwo anandilembetsa sukulu bambo atamwalira, ndipo ndiwo adzandiimira ndikadzafuna kukwatira. Anagwira ntchito m'fakitale kuyambira ali mnyamata, ndipo ntchito yawo inali imodzi: kuthira girizi ndi oyilo m'makina odula ndi oumitsa masamba. Mawondo atayamba kuwavuta, kampani inawasamutsira ku kalabu, nyumba ya pamtunda imene mabwana achizungu ankachezeramo kale, kuti aziisesa ndi kuiyang'anira.

Chaka chimenecho kampani inkakonzanso kalabuyo kuti izilandira alendo obwera kudzaona minda. Pochotsa katundu m'chipinda chosungiramo zinthu, anapeza makina a masewera amene azungu ankawatcha pinibolo. Ndi bokosi lalitali la miyendo inayi, lopendekeka pang'ono, lokhala ndi galasi pamwamba. Wosewera amaponya kampira kachitsulo m'kati mwake, kampirako kamatsetsereka kakugunda tizipilala toliza mabelu, ndipo iye amakabweza kumtunda ndi timikono tiwiri timene amatiyendetsa podina mabatani a m'mbali. Kumutu kwake kuli bokosi lina loimirira, mmene muli mawilo a manambala owerengera zigoli. Amalume anapempha kuti makinawo asatayidwe. Anapala matabwa ake, anasema mwendo watsopano m'malo mwa umene chiswe chinadya, anapaka penti m'mbali, anapukuta galasi mpaka linkaonetsa nkhope. Mmisiri wina wa ku Limbe anabwera kudzasintha mababu ndi mawaya amene makoswe anatafuna. Anayatsa, nyale zinawala, iye n'kumapita. Koma makinawo sankasewereka.

"Ndawauza madamu kuti mphwanga amaphunzira zamagetsi," amalume anatero nditangomaliza kuwapatsa moni. "Ndawauza kuti iwe zimenezi n'zosavuta kwa iwe."

Madamu anali injiniya wamkulu wa fakitale, mayi wolankhula mofulumira amene sankakhala pansi akamalankhula ndi munthu. Anatipeza pakhonde la kalabu tsiku lomwelo.

"Ndamva mukufuna atachimenti," anatero. "Malo ndili nawo amodzi, ndipo opempha ndi ambiri, ena ndi ana a mabwana anzanga. Kalabu tikutsegula kumapeto kwa mwezi uno. Makinawa akasewereka tsiku limenelo lisanafike, malowo ndi anu. Akakanika, musadzandivutitse."

"Ndathokoza kwambiri, madamu."

"Musafulumire kuthokoza. Simunawatsegule."

Nditanyamula galasi ndi kutukula thabwa losewererapo, ndinamvetsa chimene ankatanthauza. Ku koleji tinaphunzira kulumikiza magetsi m'nyumba ndi kuyendetsa mamota. M'bokosimu munali dziko lina. Munali mawaya okutidwa ndi nsalu, omangidwa mitolomitolo, amene mitundu yake inafufuma mpaka onse ankaoneka ngati thumba la chimanga lakale. Munali makoilo ambiri, iliyonse ili ndi kandodo kachitsulo kamene kamakokedwa m'kati magetsi akalowa. Koposa zonse munali maswichi osawerengeka, timalata topyapyala toimikidwa tiwiritiwiri ngati malilime, tokhala ndi timitu timene tikakhudzana magetsi amadutsa. Pepala losonyeza njira za mawaya panalibe. Zida zanga zinali mita yoyezera magetsi imene ndinabwereka kwa mnzanga, chowotcherera mtovu, pulaya ndi sikuludiraiva.

Ndikadina batani loyambira masewera, mota yaing'ono ya pansi pa bokosi inkayamba kuzungulira, ndipo sinkaima. Inkangoti kakata, kakata, kakata mpaka nditazula pulagi. Ndinatha masiku angapo ndikutsatira waya mmodzimmodzi ndi chala ndisanamvetse chimene inkafuna. Masewera asanayambe, mawilo onse a manambala ayenera kubwerera pa ziro, ndipo wilo iliyonse ili ndi kaswichi kouza mota kuti yafika. Mota inkakankha, koma mawilo sankasuntha bwino. Anali omata ndi phala lofiirira. Fumbi la tiyi limene limauluka kuchokera ku fakitale ndi losalala ngati ufa, limalowa paliponse, ndipo linali litasakanikirana ndi oyilo m'malo monse moyenda. Timitu ta maswichi natonso tinali titakutidwa ndi phala lomwelo, moti ngakhale tikhudzane magetsi sankadutsa.

Ndinagula sipiriti pa boma. Ndinamasula mawilo onse ndi kuwatsuka. Ndinadula timizere ta katoni ya sopo, ndi kumatikoka pakati pa timitu ta swichi iliyonse mpaka katoni izituluka yoyera. Zala zanga zinachekeka ndi timalata tija, sipiriti n'kumaluma m'mabalamo. Madzulo a tsiku lina, dzuwa likupendeka, ndinadina batani. Mota inazungulira, mawilo anagwa pa ziro imodzi ndi imodzi, mota inaima, ndipo kampira kanatulukira m'kanjira kake. Amalume anasiya tsache. Anasewera ndi zala zawo zonenepa, akuseka ngati mwana, mabelu akulira, mpaka opaka penti anatsika pa makwerero kudzaonerera.

"Ndinanena ine," ankauza aliyense. "Mphwanga ameneyu."

Tsiku limenelo ndinatsika ku malaini ndikuimba mluzu.

M'mawa mwake ndinadina batani, ndipo mota inayambiranso kuzungulira osaima.

Ndinatsegula. Mawilo anali olemeranso, timitu ta maswichi tonyowa. Ndinaganiza kuti ndi oyilo wakale amene anabisala m'makona ndipo watuluka usiku. Ndinatsukanso. Madzulo makina anasewereka, ngakhale kuti belu limodzi linali litasiya kulira. M'mawa wotsatira anakananso, ndipo panawonjezeka vuto lina: kamkono ka kumanja kankakwera koma kankachedwa kutsika. Zinapitirira choncho. Chimene ndachiritsa madzulo chinkadwalanso m'mawa, ndipo nthawi zina matenda ankasamukira kwina. Vuto lokhazikika munthu umalilondola mpaka kulipeza. Limeneli linkachoka ndikuona, n'kubwerera ine kulibe.

Inali nyengo ya chiperoni. Nkhungu inkakuta minda m'mawa, kamvula kosalekeza kakuwaza, zovala zosauma pa chingwe. Ndinati mwina ndi chinyezi. Ndinabwereka mbaula kwa ophika, ndinaiika patali pang'ono ndi bokosi kuti m'chipindamo mufunde, ndipo pochoka ndinkafunditsa makinawo bulangete langa, ine n'kumagona ndi jekete. Sizinathandize. Ndinati mwina mphamvu ya magetsi imatsika fakitale ikayatsa makina ake akuluakulu m'mawa. Ndinayeza ndi mita pa thiransifoma ya m'bokosimo, m'mawa ndi masana, ndipo kusiyana kwake kunali kochepa. Ndinatchera misampha ya makoswe, ndinagwira mmodzi wowonda amene analibe mlandu. Kenako ndinayamba kudzikayikira ndekha. Ndinawotchereranso malo onse amene mmisiri wa ku Limbe analumikiza, ndinawotchereranso ndi amene ndinalumikiza ine. Ndinapinda timalata tina kuti tiyandikane, ndipo pochita zimenezi ndinasokoneza tina timene tinali bwinobwino, n'kutaya tsiku lathunthu ndikutibwezera.

Madamu ankadutsa pa galimoto ya kampani, n'kutsitsa galasi la pawindo.

"Zikuyenda?"

"Zikuyenda, madamu."

"Mwezi nawonso ukuyenda."

Anzanga ankatumiza zithunzi pa foni atavala maovolosi ndi zipewa zolimba, ataima pafupi ndi mabokosi a magetsi aatali kuposa iwo. Ndinasiya kuzitsegula. M'mawa ndikamakwera ku kalabu ndinkakumana ndi othyola tiyi akutsikira m'minda, madengu kumsana, mapepala apulasitiki atamanga m'chiuno kuti mame asawanyowetse. Pakati pawo panali anyamata amene ndinaphunzira nawo pulaimale. Ankandilonjera kuti "a injiniya", mosanyoza, ndipo ine ndinkayang'ana madenguwo ndikuyesa m'maganizo kulemera kwake. Chakudya chinasiya kukoma. Pa pemphero la Lamlungu ndinapezeka ndikupempherera mota.

Tsiku lina ndinaganiza zofika m'mamawa kwambiri, fakitale isanalize belu, kuti ndione makinawo asanakhudzidwe ndi kutentha kwa tsiku. Chitseko cha kalabu chinali chotsegula kale. M'katimo munkamveka nyimbo ya kutchalitchi yoimbidwa chapansipansi. Bulangete langa linali litapindidwa bwino pa mpando. Thabwa losewererapo linali lotukulidwa, ndipo amalume anali atawerama m'bokosi, m'manja muli kachitini kawo ka oyilo ka mlomo wautali, kamene anachoka nako ku fakitale. Ankayenda mwadongosolo, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Kadontho pa kandodo ka koilo, kadontho pa wilo, kadontho pakati pa timalata ta swichi. Akathira ankapukuta m'mbali ndi kansalu kuti pasaoneke zonyansa.

Ndinaima pakhomo. Ndinagwira mphuthu ya chitseko.

"Walawira lero," anatero atandiona, nkhope ili yowala. "Wandipeza. Sindinkafuna kuti udziwe, ungamati amalume akulowerera ntchito yako. Iwe umatsuka bwino, koma ukachoka zitsulo zimatsala zouma gwa, zimachita kulira. Ndiye ine ndimabwera m'mawa kudzakuthandiza."

"Tsiku lililonse, amalume?"

"Osaphonya. Zaka zonse zija m'fakitale palibe makina amene anapsa ali m'manja mwanga. Ukafunse."

Zimene ankanena za fakitale zinali zoona. Makina a kumeneko ndi olemera, amazungulira tsiku lonse, ndipo akasowa girizi amadyana mpaka kuima. Koma a m'bokosi lija anapangidwa kuti aziyenda ouma. Oyilo amaitana fumbi, ndipo pa timitu ta swichi amatseka njira ya magetsi. Ndinkadziwa chiganizo chimene ndinayenera kunena, chinali chachifupi, koma sichinatuluke. Kwathu mphwa sauza amalume ake kuti alakwa. Ukafuna kuwatsutsa umazungulira, umafunsa ngati wosadziwa, n'kuwasiya kuti aone okha.

"Kodi oyiloyu sakuchuluka, amalume?"

"Kadontho kamodzi basi. Muyeso ndimaudziwa."

"Mwina makina a mtundu uwu amafuna wochepa kwambiri."

"Ndiye chifukwa chake ndimathira kadontho. M'fakitale ndinkathira chikho."

Anatseka kachitini kawo n'kupita kukasesa khonde. Ine ndinatenga sipiriti.

Madzulo ndinawafotokozera amayi ali pakhomo akutsuka mapazi, atangoweruka. Anaseka mpaka anatsokomola, kenako anaona nkhope yanga n'kusiya.

"Ndiye ukufuna ndikawauze achimwene kuti girizi wawo wa zaka zonsezi ndi wachabe?"

"Iyayi, amayi. Ndikungofuna asiye masiku atsalawa."

"Achimwene anga suwadziwa iwe. Tili ana ankadzoza ndi zitseko za nkhokwe zomwe. Ukawauza kuti asiye, adwala." Anapukuta mapazi ndi chitenje. "Usawauze kanthu. Ndisiyire ine."

M'mawa mwake, asanapite kumunda, anakwera nane ku kalabu. Anagwada pang'ono pakhonde monga amachitira.

"Achimwene, ndibwerekeniko kachitini kanu ka oyilo. Makina osokera a gulu lathu la amayi kumpingo akulira, ndipo tili ndi mayunifomu oti timalize."

Amalume anakondwera kuti afunsidwa. Anawalangiza malo oyenera kuthira, anawachenjeza kuti asathire pa lamba, ndipo anapereka kachitini ndi manja awiri. Amayi anakabisa m'dengu la ufa.

Masiku awiri otsatira anali abwino kuposa onse a mwezi umenewo. Ndinatsuka makina onse kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, ndipo m'mawa ankadzuka monga ndinawasiyira. Ndinapeza mpata wolondola mavuto enieni amene oyilo ankawabisa: waya woduka m'kati mwa nsalu yake, umene unkaletsa belu lija kulira, ndi fyuzi imene wina kalekale anaimanga ndi waya wamba. Ndinayamba kukhulupirira kuti nditha. Kalabu inali yoti itsegulidwe Loweruka, ndipo madamu anati adzayesa makinawo Lachisanu masana.

Lachitatu m'mawa ndinayatsa kuti ndiyeserere. Kamkono ka kumanzere kanakwera theka la njira n'kuima pomwepo, kakunjenjemera. Ndinadinanso batani, ndinaligwira osalisiya, ndikumvetsera kulira kwake kuti ndidziwe kumene kukuchokera. Sindinaligwire nthawi yaitali. Pansi pa galasi panayamba kuyenda kautsi, ndipo m'chipinda monse munamveka fungo la waya wopsa losakanikirana ndi fungo lina limene sindinkaliyembekezera, la chiwaya cha tchipisi.

Ndinazula pulagi ndi kutukula thabwa. Koilo ya kamkonoko inali yakuda, pepala lake lokutira litapsa. Kandodo ka m'kati kanali katamata pakati pa ulendo wake. Kakafika kumapeto kamayenera kukankha swichi yochepetsa mphamvu, koma popeza sikanafike, mphamvu yonse inakhalabe m'koilo mpaka inapsa. Ndinakhudza kandodoko ndi chala, ndinanunkhiza.

Amalume anali atakhala pa kireti pafupi ndi khomo, akumanga tsache lawo ndi mphira.

"Amalume, mwathiramo chiyani?"

"Mayi ako sanabweze kachitini kanga. Masiku awiri ndakhala ndikuwamvera chisoni makinawa. Dzulo utachoka ndinapempha mafuta pang'ono kukhitchini, ndathira dzulo lomwelo ndi lero m'mawa. Mafuta ndi mafuta."

Sindinakhale pansi, sindinagwade, sindinazungulire. Ndinalankhula nditaimirira, iwo ali pansi.

"Amalume, makinawa safuna mafuta. Mafuta ndiwo akuwapha. Ine ndimatsuka madzulo, inu mumathira m'mawa, ndipo ntchito yanga yonse imabwerera pamene ndinayambira. Mwezi wathunthu wapita choncho. Tsopano koilo yapsa, ndipo ina yotere kulibe m'dziko muno. Chonde, musawakhudzenso."

Mawu anga anamveka m'nyumba yopanda katunduyo kuposa mmene ndinkafunira. Opaka penti anasiya kukoka mabulashi. Wophika anasuzumira pa chitseko cha khitchini n'kubwerera.

"Ndiye kuti ndine ndawononga?" amalume anafunsa motsitsa mawu.

"Si inu, amalume. Ndi mafuta."

"Mafutawo amadzithira okha?"

Anaika tsache pansi n'kufunsanso.

"Mayi ako uja anabwera kudzabwereka kachitini. Unamutuma ndiwe?"

Ndinaweramitsa mutu.

"Mwandiyesa mwana nonse awiri," anatero. Anadzuka movutikira, atagwira bondo, anatenga tsache limene sanamalize kumanga, n'kutuluka.

Ndinakhala pansi pa simenti, nsana nditatsamira mwendo umene iwo anasema, koilo yakuda ili m'manja. Ndinali nditataya amalume ndi makina tsiku limodzi. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Chimene chinandidzutsa chinali kuganiza kuti koilo ndi waya wokulungidwa pa kachubu basi, ndipo chimene munthu anakulunga munthu wina akhoza kukulunganso.

Ndinakwera minibasi kupita pa boma, kwa bambo wina amene amakonza mafani ndi mawailesi kuseri kwa msika. Anaitembenuza koiloyo, anainunkhiza.

"Mwaikazinga ndi tomato yemwe, achimwene?"

Sindinaseke. Anafufuza m'katoni ya zinthu zakufa n'kundipatsa mota ya fani ndi thiransifoma ya wailesi, kuti ndichotsemo waya. Koilo ya kamkono imakhala ndi waya wamitundu iwiri, wonenepa wokankhira ndi woonda wogwirira kamkono kakakwera. Wonenepa amene ndinapeza anali wocheperako pang'ono poyerekeza ndi wake weniweni, koma panalibe wina.

Lachinayi lonse ndinali pa khonde la kuseri. Ndinamasula waya wopsa pang'onopang'ono ndikuwerenga mizungulo, ndikuika kamwala pambali ndikakwanitsa zana kuti ndisasokonezeke. Pena waya ankaduka chifukwa cha kupsa, ndipo ndinkachita kufufuza nsonga yake ndi singano. Kenako ndinamangirira kachubu ku chibowolero chamanja ndi kuyamba kukulunga watsopano, dzanja lina likupukusa, lina likuwongolera waya kuti agone mzere ndi mzere. Ulendo woyamba waya woonda anaduka ndili pafupi kumaliza, ndipo ndinayambiranso. Magetsi anazima masana, moti sindinathe kuwotcherera kapena kuyesa chilichonse. Nthawi imeneyo ndinaithera kutsuka mafuta ophikira, amene amamata moipa kuposa oyilo. Amalume ankasesa kutsogolo. Sanabwere kuseri, ndipo pa nkhomaliro anakadyera pansi pa mtengo wa bulugamu, okha.

Magetsi anabwera Lachisanu m'mawa. Ndinalumikiza koilo, ndipo mtovu unandidonthera pa chala. Ndinadina batani. Kamkono kanakwera mpaka kumapeto. Kanali kofooka poyerekeza ndi kanzake, ndipo ndikakagwira m'mwamba kankalira ngati njuchi, koma kankamenya mpira. Ndinasewera kangapo, ndikukhudza koilo nthawi ndi nthawi kuti ndimve ngati ikutentha. Inkafunda chabe.

Madamu anafika masana. Anaika makiyi a galimoto pa galasi n'kuyamba kusewera, ndipo zinaonekeratu kuti si koyamba kugwira makina otere. Mabelu analira, mawilo anazungulira, kampira kakagwa kena kankatuluka. Ine ndinaima pambali ndikumvetsera mota. Amalume anali pakhomo ndi tsache lawo. Masewera atatha, madamu anadina batani la kumanzere n'kuligwira.

"Kamkono aka kakulira chifukwa chiyani?"

"Koilo yake ndakulunga ndekha, madamu. Yoyamba inapsa."

"Mwakulunga nokha." Anandiyang'ana kanthawi. "Inapsa chifukwa chiyani? Koilo sipsa yokha."

"Kandodo ka m'kati kanamata, ndiye swichi yochepetsa mphamvu sinatseguke."

"Kanamata ndi chiyani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Tamverani," anatero. "Kukonza chinthu ndi theka la ntchito. Munthu amene ndimutenge m'fakitale ayenera kundiuza chimene chawononga, kuti chisadzawonongekenso. Ngati simukudziwa, nenani kuti simukudziwa."

Ndinkadziwa. Ndinkadziwanso kuti amalume anali atapitirira kale msinkhu wopumira ntchito, ndipo ankakhalabe pa kalabu chifukwa palibe amene anali ndi chifukwa chowachotsera. Ndinaganiza zonena kuti ndi chinyezi cha chiperoni, koma mayi amene anamva kulira kwa koilo pakati pa mabelu sakanakhulupirira.  Madamu anatola makiyi awo pa galasi.

"Ndine, madamu."

Amalume anali atalowa, tsache atalisiya pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Ndinkathira oyilo m'mawa uliwonse, monga ndinkachitira kufakitale. Oyilo atandichokera ndinathira mafuta ophikira. Mnyamatayu anandiuza. Anakweza mawu pang'ono, koma anandiuza zoona. Apa akungoopa amalume ake."

Madamu anayang'ana amalume, kenako ine.

"Munadziwa liti?"

"Sabata yatha, madamu."

"Ndipo munadikira mpaka koilo ipse. M'fakitale mukadzaona kapitawo wa imvi akulakwitsa, mudzadikiranso?"

"Iyayi, madamu."

"Tidzaona. Lolemba m'mawa mubwere ku ofesi yanga, mutavala mabuti." Anatembenukira kwa amalume, ndipo mawu awo anafewa. "Abambo, ntchito ya matabwa mwaigwira bwino kwambiri. Koma kiyi wa bokosili mupereke kwa wogulitsa zakumwa. Azisunga iye."

Amalume anamasula kiyi pa chingwe cha m'chiuno mwawo. Mfundo inali yolimba, ndipo inawatengera nthawi. Kenako anaika kiyiyo pa galasi.

Madzulo tinatsika limodzi, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi chikwama cha zida. Ankayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo, ndipo sindinayese kuwapitirira. Njira yonse ndinkafunafuna mawu opepesera amene sakanawakumbutsa zimene ndinkapepesazo, koma sindinawapeze. Pa mphambano yopita kunyumba kwawo anaima, osatembenuka.

"Mabuti uli nawo?"

"Ndilibe, amalume."

"Anga a kufakitale ali pansi pa bedi. Ubwere mawa udzatenge. Ndi aakulu, uzivala masokosi awiri."

Anakhotera kwawo. Lolemba m'mawa ndinalowa pa geti la fakitale nditavala mabuti amenewo.